Mapazi a Yesu wa pa Nkope

Ine Basil, mphunzitsi wopuma ntchito, ndi amene ndinapereka Yesu wa m'tchalitchi mwathu pa Nkope ku nyumba yosungiramo zinthu zakale. Yudasi anachita kupsompsona, ine ndinasayina fomu.

Anali wa mtengo wa mlombwa, wosemedwa ndi msodzi wina kalekale, nkhope yake ngati ya munthu wobwera kunyanja wopanda ndi usipa womwe. Amayi akamalowa m'tchalitchi ankamukhudza mapazi, mpaka mapaziwo anasalala ngati mpini wa khasu. Ndinaimirira pamsonkhano wa mpingo n'kunena kuti limeneli ndi luso lofunika kulisamala, manja akuliwononga, ndiponso Mulungu sakhala mumtengo. Ndi vesi lomwe ndinawerenga. Anthu ataomba m'manja ndinadziona ngati bishopu.

Chaka chisanathe, adokotala anapeza chotupa m'mimba mwa mkazi wanga Tiyanjana. Opaleshoni anaiika Lachiwiri.

"Bambo a Zena," anatero Lolemba m'mawa, "musanakandisiye kuchipatala, ndikakhudzeko mapazi aja. Ndili ndi mantha."

Tinakwera minibasi. Yesu uja tinamupeza atatsekeredwa m'bokosi lagalasi, pakati pa nkhafi zakale ndi belu la sitima. Pansi pake panali kakhadi kolembedwa dzina langa, ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinaima cham'mbali kuti mkazi wanga akaone bwino.

Iye sanakaone n'komwe. Anavula nsapato, nagwada, natambasula dzanja. Linagunda galasi.

Woyang'anira malowo, mayi wovala hijabu dzina lake Mwanamvua, anafika mofulumira. Tiyanjana anamufotokozera za opaleshoni.

"Pepani mayi," anatero Mwanamvua. "Makiyi ndili nawo, koma bambo amene anabweretsa chosemachi analembetsa kuti munthu aliyense asachikhudze."

"Bamboyo ndine," ndinatero ndi kamawu kakang'ono. "Ndasintha maganizo."

"Ndiye mulembe kalata. Yankho limatenga milungu iwiri."

Lamulolo ndinalilemba ndekha, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri, mwauphunzitsi. Ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowe.

Tiyanjana anasiya chikhatho chake pagalasipo napemphera, ndipo m'pempheromo ananditchula ndi ine. Atadzuka, chizindikiro cha dzanja lake lathukuta chinatsala moyang'anizana ndi mapazi aja. Mwanamvua anatulutsa kansalu kopukutira, anachiyang'ana kanthawi, n'kubwezera kansaluko m'thumba.

Dzina langa linali pansi pomwepo, lolembedwa bwino kwambiri, lopanda cholakwika ngakhale chimodzi.