Wapita kwa Basileusi

Melita anali akukanda ufa wa balere pamene Hedilo, wogulitsa nsomba padoko la Pireya, anasuzumira pakhomo.

"Alamu, amuna anu aja apita kwa basileusi."

Basi, munthu n'kutembenuka ndi dengu lake, ati nsomba zingavunde. Hedilo ndi wotero, nkhani amaisiya m'malere.

Mtima wa Melita unadumpha. Mu Atene muno mafumu tinathana nawo kalekale, koma dzina tinalisunga. Chaka ndi chaka timachita maere, ndipo amene amugwera, kaya ndi woumba mbiya kaya wofufuta zikopa, amatchedwa basileusi, ndiko kuti mfumu. Ntchito yake ndi nsembe za mzinda ndi milandu ya magazi. Tsono dzana mwamuna wa Melita, Dekisiyo, wopalasa zombo zankhondo, anabwera chibakera chili chotupa atamenya mlendo wina pa vinyo. Dzulo sanagone pakhomo.

"Wafa munthu uja," Melita anadziyankhulira. "Mayo ine, wafa!"

Sanasambe n'komwe m'manja. Anafunda nsalu kumutu nauyamba wa kumzinda, pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri pali patsogolo. Msewu wa pakati pa malinga aatali olumikiza doko ndi mzinda ndi wotopetsa ngakhale kwa bulu, koma iye sanaime. Ankati akathamanga mpweya umatha, akati ayende pang'onopang'ono maganizo amamuthamangitsa. Dekisiyo akamupeza wolakwa amupha kapena amupirikitsa m'dziko. Nanga mwanayu adzati bambo kwa yani? Analonjeza milungu tambala, kenako mbuzi, mbuzi imene analibe.

Anafika pamsika dzuwa lili paliwombo. Pakhonde la basileusi panalibe mlandu, panalibe khamu. Basileusi wa chakacho, Ameniya, mlimi wa azitona wadazi, anali atakhala pamwala, nkhata ya masamba itapendekeka kumutu, akudya nkhuyu zouma.

"Bambo, ndagwira mwendo wanu," Melita anagwada. "Sanafune kupha. Ndi vinyo uja. Mwamuna wanga ndi waphuma chabe, si chigawenga."

"Dzukani mayi, mungandiberekere pakhonde la nsembe, ine n'kuyamba kuyeretsa mpaka mawa. Mwamuna wanu ndani?"

"Dekisiyo, wa ku Pireya. Wopalasa."

Ameniya anatafuna kaye. "Mwezi uno wakupha munthu sanabwere pano. Mlandu umene ndili nawo ndi wa phale la denga limene linagwera nkhalamba. Phalelo ndiye tiliweruza, tikalitaye kunja kwa malire. Kapena mwamuna wanuyo ndi phale?"

Melita anaseka, misozi ili chuchuchu. Anaseka mpaka anakhala pansi. Chimwemwe chake chinali chenicheni, moti akanatha kupsompsona dazi lija.

"Ndiye Hedilo wandinamiza! Galu ameneyu, ndikamukhuthulira nsomba zake kumutu."

"Anati chiyani kwenikweni?"

"Anati apita kwa basileusi."

Ameniya anasiya kutafuna. "Anati kwa basileusi uja, wa pakhonde? Kapena anangoti kwa basileusi?"

"Aaa, bambo, pali kusiyana ngati?"

"Hedilo wanuyo ndi wa kudoko eti?" Mkuluyo anavula nkhata ija, naiyang'ana ngati waiona koyamba. "Ine anthu akamanditchula amaloza, amati basileusi uja, chifukwa ndife ambiri. Chaka chatha anali wina, chaka chamawa adzakhala wina. Ku mzinda wa Sipata alipo awiri nthawi imodzi. Koma amalinyero akangoti basileusi, liwu lokhalo popanda chilozero, ndi mmodzi yekha padziko lonse, safuna kumuloza. Ndi mfumu ya ku Perisiya."



"Anthu ake akhala akuzungulira padoko masiku onsewa, kufuna opalasa," Ameniya anapitiriza motsitsa mawu. "Amalipira ndi golide. Chombo chawo ndamva kuti chanyamuka m'mamawa."

"Sanganditero. Akanandiuza."

"Akanakuuzani mukanawalola?"

Melita anakumbukira kuti chofunda chochindikala cha Dekisiyo sanachione pachikhomo m'mawa uja, ndi katsamiro kake kokhalira popalasa komwe. Anazionadi kuti palibe, koma sanazisamale. Mkwiyo unamugwira, pambuyo pake manyazi, chifukwa anali atagwada pamsika kupepesera munthu amene anachoka osatsanzika.

"Opita kumenekoko amabwerako liti?"

"Ena pakatha zaka zitatu. Ena amakwatira konko." Ameniya anamupatsira nkhuyu. "Idyani mayi. Thokozani milungu, m'manja mwake mulibe magazi."

Melita anayang'ana khonde lopanda anthu lija, pamene wolakwa amaima mkazi wake akumuona.

"Bola akanapha," anatero. "Bwenzi pano nditamupeza."