Mainess Alanda Ziphanda za Mbuya Wake

Mainess Zulu anaviika kapu m'diramu loyamba, nalawa, nkhope n'kugwa. Anapita pa lachiwiri, lachitatu, mpaka lachinayi. Monsemo munali phala lamadzimadzi lotsekemera, loyenera kumwetsa khanda. Munkoyo weniweni, chakumwa cha ufa ndi mizu chonga thobwa, umaluma pang'ono pa lilime, koma uwu unali zii, wopanda ngakhale kathovu kamodzi. Linali Lachisanu m'mawa, ndipo Loweruka masana Mayi Chisenga a ku Matero ankayembekezera madiramu onse anayi pa kichini pate, phwando lolangiza mwana wawo wamkazi asanakwatiwe.

"Ba Clive, bwelani mulaweko," anaitana mwamuna wake, amene ankamanga nsapato kuti apite ku ntchito.

Clive analawa, napukuta pakamwa. "Iyi ni poliji, amake Ufulu. Mizu munaikamo?"

"Ninaika yambili maningi! Ninasefa bwino bwino pa Chitatu."

"Manje viphanda vanu vija vili kuti?"

Onse awiri ankadziwa kumene zinapita.

Kwa zaka zisanu mayiyu ankagulitsa munkoyo pa siteshoni ya maminibasi mu komboni ya George. Anayamba ndi chiphanda chimodzi ndi mabotolo otola, kenaka anagula filiji, pambuyo pake mabotolo ake anayamba kukhala ndi pepala la dzina lake. Oda ya Mayi Chisenga itabwera, ulemerero unamukwera kumutu. Anagula madiramu anayi apulasitiki, atsopano mbee, ndipo ziphanda zake zakuda zija anaziponya kudzala, amvekere bizinesi yakula, zakumudzi zatha. Anaiwala chimene aliyense wofulula munkoyo amadziwa: chiphanda sichitsukidwa mkati, popeza masese otsalira pansi ndiwo amadzutsa munkoyo watsopano. Diramu logula dzulo lilibe chodzutsira, ndipo m'kuzizira kwa Juni munkoyo wotere ukanatenga sabata. Mantha anamugwira kwambiri. Azimayi mazana awiri akamwa phala pa kichini pate, pofika Lolemba dzina lake likhala litatha mu George ndi Matero momwe.

"Yendani kuli ba Monalisa," anatero Clive.

Monalisa Mwango, Mbemba wa ku Kasama, ankagulitsa munkoyo tsidya lina la msewu womwewo. Panali patatha miyezi iwiri osapatsana moni, chiyambire pamene Mayi Chisenga, Mbemba mnzake komanso wa mpingo umodzi, anamudumpha n'kupereka oda kwa Mainess.

"Ine nikapemphe kuli uja? Azaniseka mpaka ba ku Lilanda bamvele."

"Nindani wakamba vopempha? Imwe ndimwe Mungoni, uja ni Mubemba. Mbuya sapempha, atenga chabe."

Chimbuya Mainess ankachidziwa kuyambira ali mwana. Angoni ndi Abemba amanyozana poyera, pa maliro amapakana ufa kumaso, ndipo mbuya akakutengera kanthu pamaso pa anthu, wokwiya ndiye amasanduka chitsiru. Chofunika n'chakuti pakhale mboni.

Anatenga wilibala, nadzera dala pa kiyosiki ya madzi pamene azimayi anali pamzere ndi zigubu zawo. Nyumba ya Monalisa inali pafupi pomwepo, ziphanda ziwiri zikuluzikulu zili pakhonde.

"Odi kuno kwa bakolwe!" anafuula Mainess, kuwatchula anyani m'Chibemba. "Mwadya kudala nyani, olo nibwele mukasiliza?"

Pamzere ponse panatembenuka. Monalisa anatuluka, manja m'chiuno.

"Iwe wakudya mbeba, ufuna chani pa nyumba ya bamfumu bako?"

"Nabwela kutenga viphanda vanga. Vonse vamene Mubemba ali navo ni vakuba, bonse baziba."

Ananyamula chiphanda choyamba n'kuchiika mu wilibala. Azimayi aja anafa nacho chiseko, wina mpaka kululutira. Monalisa anatsegula pakamwa kuti alalate, koma anaona maso onse aja ali pa iye. Anaonanso china: pogwira chiphanda chachiwiri, Mainess yekha ndiye sankaseka. Anayandikira, natsitsa mawu.

"Munkoyo sunapye?"

"Sunapye, mbuya. Ninataya viphanda vanga."

"Chipuba iwe! Unataya amai bako chifukwa cha pulasitiki?" Anapukusa mutu, nayang'ana kumsewu. Mpata wobwezera unali m'manja mwake, ndipo Mainess ankadziwa zimenezo. "Madilamu yangati?"

"Folo."

"Viwili sivingakwane. Ngena mu nyumba, kuseli kwa chitseko kuli china chikulu. Na mabulangeti utenge. Imwe ba kumawa, nzelu zinasalila mu mugodi wa mbeba."

Anapita onse awiri, akunyozana njira yonse. Monalisa anagawa munkoyo wake wowawasa ndi masese m'madiramu onse anayi, navundula ndi mthiko, nalamula kuti awasunthire kukhoma kumene dzuwa limawomba tsiku lonse. Anawafunditsa mabulangete ngati odwala malungo. Tsiku limenelo Monalisa sanagulitse kanthu pa siteshoni, poti katundu wake yense anali atalowa m'madiramu a mnzake.

Loweruka m'mawa Mainess anavundukula diramu loyamba, ndipo fungo linamulandira asanalawe n'komwe. Pamwamba panali thovu likuphulika pang'onopang'ono. Analawa, nakhala pansi pomwepo n'kulira ndi chisangalalo.

Ku Matero munkoyo unatha mphatso zisanathe kuperekedwa. Azimayi ankabwerera kawiri, katatu, ena kuthira m'mabotolo obisa m'zikwama. Monalisa, amene anabwera ndi gulu la mpingo wake, anakhala chapatali akuthandiza kutsuka makapu. Kenaka Mayi Chisenga anamugwira dzanja Mainess n'kupita naye kwa mayi wina wovala magalasi.

"Aba ni ba Anna Kalumba, bamaphikila maukwati. Bafuna madilamu sikisi Chibelu chilichonse." Ndipo anakweza mawu kuti onse amve. "Nenze ninakamba ine! Mungoni uyu wapambana ba Bemba bonse pa munkoyo!"

Anthu anaomba m'manja. Mainess anamva kukoma, ndipo tisanamizane, kukoma kwake kunali kwakukulu. Akanangogwada n'kuthokoza, nkhani ikanathera pomwepo, poti wodziwa zoona pamalopo anali mmodzi yekha, ndipo ameneyo anatanganidwa pa beseni la makapu. Koma madiramu asanu ndi limodzi sabata iliyonse si ntchito ya manja awiri, ndipo mutu umodzi susenza denga.

"Ba Chisenga, mwanama pang'ono," anatero Mainess. "Phala ninaphika ine, koma wamene anaiusha ni kolwe uja ali pa makapu. Ba Kalumba, oda tailandila, koma tili babili. Mukafuna munkoyo uyu, mutenge na Mubemba wanga."

Monalisa anaimirira pang'onopang'ono, akupukuta manja pa chitenje. Maso ake anali atafiira, koma pakamwa sipanafooke.

"Nimvela chabe chifundo," anauza anthu. "Mungoni ukamusiya eka, amwesa bantu poliji."

Lolemba m'mawa okwera maminibasi mu George anapeza matebulo a Mainess ndi Monalisa ali mbali imodzi ya msewu, ataphatikizana, eni ake akunyozana mokweza. Mzere wa ogula unafika mpaka pa kiyosiki ya madzi.