Amene Anamaliza Malaisensi

A Mizere anakankhira kapu ya tiyi pambali n'kudinanso batani ndi dzanja lomwe linkawamverabe. Laputopu inaganiza kanthawi, kenako inalavula uthenga womwewo: simungalowe, palibe laisensi yotsala ya makina ano.

"Basi, anditsekera kunja," anatero.

Dzina la Mizere analipezera ku ofesi yojambula mapulani a nyumba, kumene anachita imvi akukoka mizere yowongoka moti anzawo ankati mkuluyu anameza lula. Sitiroko itawagwira, mwendo unakana makwerero a ku ofesiko. Mwana wawo wamkazi, katswiri wa makompyuta amene ankasamaliranso makina a ofesiyo, anawakonzera njira yolowera mu seva, kompyuta yaikulu ya kuntchito, ali khale m'chipinda chawo. Tsiku loyamba ataona mafayilo awo onse atulukira pasikirini, anasuzumira kuseri kwa laputopu ngati mwana wofuna kuona anthu a mu wailesi. Mpaka lero zinkawazizwitsabe.

Koma tsopano zinthu zinali pothina. Abwana anali atanena mwaulemu kuti pulani ya chipatala cha ana ikufunika sabata yomweyo, ndipo ikapanda kutha, mwina nthawi yoti a Mizere apume yakwana. Kupuma kwake ankakudziwa. Ngati kuti zimenezo sizikukwanira, magazi anathamanga, n'kukagonekedwanso m'chipatala masiku angapo pulani ili pakati.

Mwana wawo anafika ndi chikwama chake, nakhala m'mphepete mwa bedi.

"Sanakutsekereni, bambo. Paja poyamba seva inkalola aliyense, inali nthawi yongoyeserera. Itatha, tinagula malaisensi owerengeka. Makina alionse olowa kuchokera kunja amatenga yake. Inu munali kuchipatala, ndiye laputopu yanu sinatenge."

"Nanga wogwirira ntchito kunyumba si ine ndekha?"

"Ndi zomwe zikundidabwitsa. Atha onse."

A Mizere anamuyang'ana akugwira ntchito. Zala zake zinkathamanga, mawindo akutseguka ndi kutsekeka, ndipo mwana yemwe anamuphunzitsa okha kusongola pensulo ankayendayenda m'kati mwa makina omwe anali kutsidya lina la tauni, osadzuka n'komwe pabedipo. Ananyadira, komanso anachita naye kamantha.

"Pali malaputopu achilendo amene akhala akulowa," anatero mwanayo. "Ndipo onse amatsegula pulani yanu."

Mtima wa a Mizere unangoti phwii. Ndiye kuti ntchito yawo anagawana kale, iwo akadali moyo. Anaona m'maganizo mwawo anyamata a pa ofesi akufufuta mizere yawo, akuseka kujambula kwachikale.

"Zisiye. Usavutike nazo."

Koma mwanayo anali ataimba kale foni, naikweza mawu kuti onse amve. Anayankha ndi mayi a pakauntala, aja odziwa zonse za mu ofesi kuposa abwana.

"Aa, ndiye kuti tawononga?" anafunsa mayiwo. "Ifetu sitinadziwe kuti chinthucho chimawerenga makina. Titamva kuti achikulire agonekedwanso, tinangogwirizana kuti aliyense akafika kwawo azilowa n'kukankhako pang'ono. Wa zamagetsi, wa mipope, wa zoyezayeza. Ngakhale ine ndinabwereka laputopu ya mlamu wanga kuti ndizilemba maina a zipinda."

"Abwana akudziwa?" anafunsa mwanayo.

"Abwanawo ndi amene analowa kawiri, pa laputopu yawo ndi ya akazi awo. Anaiwala kuti yawo aisiya m'galimoto."

Mwanayo anaseka mpaka kugwira pamimba. A Mizere sanaseke. Anangoyang'anitsitsa foniyo.

"Mverani," anatero mwanayo atapuma. "Seva imandilola kulanda laisensi imodzi yokha pakadali pano, enawo amadzabwerera okha nthawi yake ikatha. Ndilande ya ndani?"

Ku ofesi kunabuka phokoso. Wa mipope ankati atenge yake poti mipope yatha. Wa zamagetsi ankati ayi, yake ndiyo inayamba kulakwa. Mayi a pakauntala anawaposa onse mawu, akuti mlamu wawo wayamba kale kuwanena kuti laputopu aikwatira. Anthu akuluakulu, a mabanja awo, kulimbirana kulandidwa chinthu. A Mizere anali asanamvepo mkangano wotere chibadwire.

Mwanayo analanda ya mlamu uja. Anadina apa ndi apo, nazimitsa laputopu ya bambo ake, naiyatsanso, n'kuwakankhira pafupi.

"Yesani."

Sikirini inada, kenako inawala, ndipo ofesi yonse inalowa m'chipindamo. Anatsegula pulani ija mtima uli m'mwamba. Mizere yawo inalipo yonse, palibe ndi umodzi womwe wosunthidwa. Koma pakati pake panali patadzaza ntchito ya manja ena: mawaya oyenda mwaulemu m'mbali mwa makoma awo, mipope yokhota pomwe iwo akanaikhotetsa, miyeso yolembedwa kunja kwa khoma monga momwe ankakalipira kuti izilembedwera. Anthu omwe ankawayesa kuti samva anali akumva zaka zonsezi. Misozi inalengeza, ndipo sanaibise.

Anatsegula tsamba lomaliza. Linali loyera mbee.

"Nanga denga?" anafunsa a Mizere.

Foni inali isanadulidwe. Anayankha ndi abwana eni ake.

"Denga palibe analimba nalo mtima, achikulire. Tikudikira inu."

A Mizere anapukuta chikhatho pa bulangeti, nagwira mausi. Kamuvi ka mausiyo kanayenda pasikirini, kenako kanakhazikika pangodya ya khoma lakum'mawa. Mwana wawo anatsegula pakamwa kuti afotokoze za malaisensi ena oyenera kugulidwa.

"Zimenezo ukambirane ndi abwana panja," anatero osacheuka. "Ndipo unditsekere chitseko. Ndili pantchito."