Zomwe Foni ya Amayi Inawerenga

Kampani yawo inali ya anthu awiri, tebulo limodzi ndi fani yomwe inkakupiza mbali imodzi yokha. Ankagwirira ntchito m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya telala, moti mashini osokera akayamba kulira pansipo, makapu a tiyi ankavina pa tebulo. Kamoto ndiye ankajambula maonekedwe a mawebusayiti. Dzinali anamupatsa ndi anzake kusukulu chifukwa mtsikanayu sankachedwa kuyaka. Mchimwene wake wamkulu, Chidule, ankalemba mapulogalamu, ndipo njira yaitali iye ankaiona ngati chilango. Ntchitoyi onse awiri anaiphunzira okha, pa mavidiyo a pa intaneti, akulimbirana kompyuta imodzi yosweka pakona.

Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa opanda kasitomala. Chomwe Kamoto anali nacho chambiri ndi mawu, ndipo ankawakhuthulira pa bulogu yake, tsamba lake la pa intaneti: lero za filimu yomwe yamuliza, mawa za zilembo zopindikapindika zomwe amadana nazo, mkuja kukalipira makampani akuluakulu. Nkhani yomwe anthu anagawana kwambiri inali yokalipira opanga mawebusayiti oiwala anthu osaona. Anafotokozamo kuti kuseri kwa chithunzi chilichonse kuli kabokosi kobisika, komwe wopanga amayenera kulembamo zomwe zili pa chithunzipo, kuti foni yolankhula imuwerengere munthu wosaona. Osiya kabokosiko kopanda kanthu anawatcha alesi ovala mataye.

Kenako kunabwera mdala wina, mwini kaholo koonetsera mafilimu kuseri kwa siteji ya mabasi, ka mipando makumi anayi. Ankafuna webusayiti yoonetsa mafilimu a sabata iliyonse. Anati adzabwera Lachisanu m'mawa kudzaiona, akaikonda aitenga. Apachibalewo anali atagwirizana kale kuti ntchito iyi ikalephereka atseka kachipindako, Chidule abwerere kokonza mafoni kumsika, Kamoto kojambula makadi a maukwati.

Zithunzi zoika pa webusayitiyo zinalipo makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Kamoto anauza mchimwene wake kuti adzaze timabokosi tonse, asasiye kamodzi. Lachitatu anamufunsa, iye n'kuyankha osacheuka kuti wathana nazo kalekale. Kamoto sanapite kukaona. Anali pa nkhondo ndi mtundu wofiira womwe unkaoneka bwino pa kompyuta koma pa foni n'kumafanana ndi chiwindi.

Lachisanu, cha m'ma teni, anamva mapazi a anthu awiri akukwera masitepe pang'onopang'ono. Mdala uja analowa, mkazi wake atamugwira pa chigongono. Amayiwo anali ndi magalasi akuda ndi ndodo yoyera yopinda. Kamoto anawazindikira kuchokera pa chithunzi china chomwe mdalayo anatumiza, cha pa windo la matikiti, koma zoti saona sankazidziwa.

Atakhala pa mipando iwiri yokha yomwe inalimo, amayiwo ananena kuti kampaniyi anasankha ndi iwo, osati amuna awo. Foni yawo inawawerengera nkhani ija ya alesi ovala mataye, ndipo anaimvetsera katatu. Anawonjezera kuti mafilimu onse a mu holo amasankha ndi iwo, ndi makutu, chifukwa filimu yabodza imadziwika ndi kalankhulidwe. Kamoto anamwetulira monyadira. Nthawi yomweyo Chidule anakumbukira kuti shuga watha, akagule msanga. Kamoto anamulozera botolo lodzaza pa shelefu.

Amayi anatulutsa foni, Kamoto anawatchulira adiresi, chala chawo chinayamba kuyenda pa galasi. Foniyo inali ndi mawu a mzimayi wosaseka, wowerenga chilichonse ngati chilengezo cha kuchipatala.

"Chithunzi. Chizindikiro cha holo, chomwe mlongo wanga wasintha kasanu ndi kanayi koma chikufananabe ndi choyamba chija."

Kamoto anatembenuka kuyang'ana mchimwene wake. Chidule anali akuyang'anitsitsa fani ngati waiona koyamba. Chala cha amayi chinasuntha.

"Chithunzi. Mipando ya mu holo. Wachitatu kuchokera kumanzere uli ndi msomali, musadzati sindinanene."

"Chithunzi. Mwini holo akumwetulira ngati munthu amene dokotala wamulola kudya shuga. Dazi likuwala kuposa sikirini."

Mdala anaika chipewa chake pamutu mwakachetechete. Kamoto ankafuna kulanda foniyo, kuzimitsa magetsi, kapena kugwetsa kompyuta. Foni inapitiriza, yosatopa.

"Chithunzi. Khoma la holo, lachikasu, lomwe linaonana ndi penti komaliza ine ndisanabadwe."

"Chithunzi. Mayi wa pa windo la matikiti, magalasi akuda m'nyumba masanasana, akudzimva ngati bwana wa zigawenga wa mu filimu."

Apa ndiye Kamoto anayaka. Sanasamale za alendo. Anafunsa Chidule ngati mutu wake umagwira ntchito kapena anangouika pakhosi kuti mahedifoni apeze pokhala. Anamukumbutsa kuti anamupempha chinthu chimodzi chokha, chimodzi. Chidule anayankha chapansipansi kuti timabokosito sankaganiza kuti pali amene amatiwerenga, ankangodzisangalatsa ntchito ikamutopetsa, ndipo ankati adzakonza.

"Achimwene, mwandipanga wabodza," anatero Kamoto. "Ndinatukwana anthu dziko lonse likuona, pomwe alesi enieni ndimamwa nawo tiyi."

Kenako anatembenukira kwa amayi n'kunena kuti mlanduwo ndi wakenso, chifukwa sanayang'ane. Ngati akufuna kukapereka ntchitoyi kwa ena, iye awalozera amene angaigwire bwino. Ponena zimenezi anali akuona kale makadi a maukwati, timitima ndi tinkhunda, mpaka ukalamba.

Amayi anakweza dzanja kuti akhale chete. Anabwezera chala m'mbuyo, foni inawerenganso za khoma lachikasu. Anatembenuza nkhope kuloza kumene kunali amuna awo n'kufunsa mofatsa ngati khoma limeneli ndi lomwe lija anawauza chaka chatha kuti alipaka penti wobiriwira. Mdala anakhosomola. Anati nkhani yake ndi yaitali. Amayi anati Lachisanu lonse ali nalo. Mpamene zinadziwika kuti mdalayo anapaka chitseko chimodzi chokha, choyandikana ndi windo la matikiti, kuti fungo la penti liwafike amayi, ndipo kwa chaka chathunthu amayiwo akhala akuuza makasitomala kuti asayedzamire khoma latsopano.

Phwete loyamba linachokera kwa amayi. Anaseka mpaka kuvula magalasi kuti apukute misozi, anaseka mpaka telala wa pansi anaimitsa mashini. Mdala anayesa kukhala wokwiya, koma sizinamutheke. Anati dazi ndiye bodza, tsitsi lilipo m'mbali. Amayi anati dazilo akulidziwa bwino, amaligwira tsiku ndi tsiku, chomwe sankadziwa n'chakuti limawala.

Atapuma, anaitana Chidule kuti asendere pafupi. Anamuuza kuti papita zaka khumi ndi ziwiri chisiyireni kuona, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amawafotokozera dziko ngati akufotokozera wodwala: zonse n'zabwino, zonse n'zokongola. Mawebusayiti ambiri amangoti chithunzi, chithunzi, chithunzi, basi. Lero ndi koyamba kumva kuchokera kwa munthu amene wayang'anadi.

"Koma mwanangu, usasangalale msanga," anatero. "Iwe unalemba zimenezi chifukwa unkaganiza kuti mbali inoyi kulibe munthu. Ndilipo. Tilipo ambiri, ndipo timalipira tikiti ngati wina aliyense."

Chidule anayang'ana pansi. Anapepesa mosazungulira, chinthu chomwe Kamoto anali asanamumvepo akuchita chibadwire.

Amayi ananena chigamulo chawo. Webusayiti aitenga. Timabokosi tonse tilembedwenso lero lomwe, iwo ali pomwepo, ndi maso omwewo ndi lilime lomwelo, koma wolembayo akudziwa kuti pali womvetsera. Za dazi zichotsedwe, chifukwa dazilo ndi lawo, si la anthu onse. Za msomali zikhale mpaka msomaliwo utazulidwa. Za khoma zikhale mpaka khomalo litabiriwira lonse. Mdala anafunsa za bwana wa zigawenga, akuganiza kuti apa ndiye amayi akwiya. Amayi anabwezera magalasi pamaso, anakweza chibwano, n'kunena kuti chimenecho wina asachikhudze ngakhale chilembo chimodzi.

Kamoto anapeza kuti wakhala pansi pa simenti, akuseka ndi misozi. Ukali wonse uja unasowa kolowera. Anadzuka, anakoka kompyuta n'kuiika pakati, n'kunena kuti kabokosi kalikonse kadutsa m'maso mwake kaye kasanafike ku foni ya amayi, ndipo wina akayerekeza kudula njira amudula makutu.

Mdala anatumidwa kukafunsa mtengo wa penti, ndipo anauzidwa kuti abwere ndi chitini chenichenicho kuti Kamoto atsimikize mtundu. Atatuwo anayamba ndi chithunzi choyamba. Pa mapositala a mafilimu amayi ankafunsa zinthu zomwe Kamoto, wojambula, anali asanazionepo: ngati mnyamata wa pa positalayo akuyang'ana mtsikana kapena akuyang'ana kumbuyo kwake, ngati mfuti waigwira ngati wodziwa kapena ngati wabwereka. Chidule ankatuluka thukuta, akulemba, akufufuta, akulembanso.

Atafika pa chithunzi cha makumi awiri, amayi anatsamira mpando n'kumugwira Kamoto pa mkono.

"Tandiuza, mwanangu, mchimwene wakoyu panopa nkhope yake ikuoneka bwanji? Usandinamize."

Kamoto anamuyang'ana Chidule kuyambira kumutu mpaka ku kolala, osafulumira, akumva kukoma.

"Amayi, akuoneka ngati mbuzi yomwe yagwidwa m'munda ili ndi tsamba kukamwa, ikuganiza ngati imeze kapena ilavule."

Amayi anagwedeza mutu mokhutira n'kunena kuti apitirize, zatsala makumi anayi kudza zitatu.