Mwini Wake Ali Moyo

Bizwell, mlongo wanga wamng'ono, anatenga makina anga osokera Lolemba. Anati lamba watha, akawapereka kwa mnzake wokonza ku Nabvutika. Ine chitsiru ndinamuthandiza kuwamangirira pa njinga, n'kumamuuza kuti asagwere m'maenje. Makinawo anandisiyira ndi amayi pomwalira, ndipo ndi amene amadyetsa ana anga pano pa Kapata.

Lachinayi linakwana, makina osaoneka. Madiresi atatu a ukwati wa Jenny ali phee pampando, odula kale, ukwati Loweruka. Magetsi anali atapita m'mawa, kafoni kanga kazima. Bizwell atabwera kudzadya masana, monga achitira tsiku lililonse mopanda manyazi, ndinamuuza andibwereke foni yake ndimuimbire Jenny, ndimupepese.

"Tengani asisi," anatero akunyamula ndowa kupita kubafa. "Mukasokonekera, dinani kamuvi ka pansipo mpaka mufike poyambira. Musadine zina."

Amandiyesa mbuli pa za mafoni aakuluwa, ndipo salakwitsa kwenikweni.

Foni inatsegukira m'kati mwa apu ina yogulitsirana katundu. Pamwamba panali uthenga wochokera kwa munthu wina dzina lake Howard: "Ndifika cha m'ma 14 koloko ndi galimoto." Sizinandikhudze. Ndinadina kamuvi.

Tsambalo linachoka, pansi pake panatuluka lina, ngati zitenje zosanjikiza pamsika. Apa Bizwell ankalongosola njira: ku Nabvutika, nyumba ya chitseko chobiriwira, kuseri kwa chigayo. Kumeneko ndi kwake. Ndinadinanso ndikung'ung'udza. Mafoni amenewa anawapanga ndani kodi? Munthu ungofuna kuimba basi, mpaka uyambe wavundukula za eni ake!

Tsamba lachitatu linali chithunzi. Makina akuda, atakhazikidwa pamkeka wa Bizwell. Pachogwirira pali kansalu kofiira kamene amayi anakulungapo chala chawo chitatupa. Lamba ali bwinobwino, wosaduka, wosatha. Ndinadinabe, pakuti ndinafuna kuona pamene bodza limeneli linayambira. Panatuluka mawu otsatsira malonda amene Bizwell analemba.

"Makina osokera, akale koma olimba. Mwini wake anamwalira, palibe amene akuwagwiritsa ntchito."

Palibe! Ine ndine palibe? Ine amene ndapalasa makinawo mpaka mawondo kulira, kusoka mayunifomu a ana a eni kuti mphika ukhale pamoto? Shati imene anaikoloweka pachitseko cha bafa ija anasoka ndani, mzimu wa amayi? Mtima unandiwawa zedi, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri si kuba ayi, koma kugulitsira maliro a amayi kuti wogula amve chisoni asanenerere mtengo.

Ndinadina kotsiriza, n'kufika poyambira paja. Timabokosi tinayi tooneka bwino, ndi mawu pamwamba akuti, "Takulandirani, Bizwell!" Za Jenny ndinali nditaiwala. Ndinaona kabokosi kolembedwa Mauthenga, ndinakadina. Aka kanali koyamba kuti ndipite kutsogolo ndekha m'foni yotere. Ndinamupeza Howard, ndinalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, n'kutumiza.

Bizwell anatulukira akudzipukuta m'makutu. "Mwaimba?"

"Lamba akupeza bwanji?"

"Aa, mnzanga uja akuti mwina mawa."

"Mawa? Si 14 koloko lero, ndi galimoto?"

Madzi akudontha m'ndevu, anayamba kukweza mawu, monga amachitira akagwidwa. "Asisi, makina aja anali a amayi, ndi athu tonse! Inu munatenga makina, ine ndinatengapo chiyani?"

"Unatenga mbale iyi, Bizwell. Zaka zisanu, masana alionse. Ukuganiza ndiwo zimene umanyambita zalazi zimagwa kuchokera kudenga?"

Foni inalira m'manja mwanga. Anaitsomphola, n'kuyang'ana. Ndinaona nkhope yake ikugwa. Howard anali atayankha kuti, "Pepani amayi, sindinadziwe. Sindibweranso."

"Mwalemba chiyani?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Dina kamuvi kako kaja. Ubwerere m'mbuyo, uwerenge wekha."

Ndinavundikira mbale yake n'kuikiyira m'kabati. Ndinamanga chitenje zolimba, ndinamuuza atsogole ndi njinga yake, makina afike pakhomo pano dzuwa lisanapendeke. Iye anali akadali pomwepo, thaulo paphewa, akuwerenga zimene ndinamulembera Howard:

"Mwini wake ali moyo. Ndine mlongo wake wa wogulitsayo, ndipo ndi ine amene ndimamudyetsa."