Munda wa Kunja kwa Khoma

Lonjezolo ndinalichita ndili m'bwato, madzi atafika m'khosi mwa mitengo. Bambo anali kumbuyo ndi nsungwi yokankhira, ine kutsogolo ndi chikwama pamiyendo, ndipo pansi pathu panali munda wathu wakumunsi, utamira mamita atatu. Pamwamba pa madziwo masamba a mpunga ankangogwedezeka. Mpunga wathu unali wotero. Tinkaufesa pouma mvula isanayambe, ndipo madzi a mtsinje akabwera unkakula nawo limodzi, lero chikhatho, mawa chikhatho, osalola kumira.

"Ut," anatero Bambo, "iwe ndiwe chitsiriza. Nyumba ndi yako, kagome kofukizirapo mizimu ya makolo nkako, munda uno ngwako. Pita ukaphunzire zakozo, koma madzi awa usadzawatsekere kunja."

"Angatsekere madzi kunja ndani, Bambo?" ndinatero ndikuseka.

"Sindinakufunse zimenezo."

"Chabwino. Ine ndili moyo, madzi azidzalowa m'munda muno."

Analavulira m'madzi nakankha bwato. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndinakwera basi ya ku Saigon, kenako ndege, ndipo ndinakhala ku Lyon, kwa Afalansa, zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndikuphunzitsa ana a eni za nthaka ya kwathu. Bambo anamwalira m'chaka changa chachisanu ndi chimodzi, maliro ndinawamvera m'kalata. Zonse zimene mwambo umasenzetsa mwana wamwamuna womaliza anazisenza achemwali anga a Lanh, oyamba kubadwa m'banja mwathu, amene anamfedwa akadali mtsikana nabwerera pakhomo. Iwo ndiwo ankayatsa zofukiza, iwo ndiwo ankafesa. Ine ndinkatumiza makadi a chaka chatsopano.

Foni yawo inali yaifupi. "Anansi akufuna kutsekera munda wathu mkati mwa khoma lotchinga madzi. Pepala la munda lili m'dzina langa, koma mawu ali m'kamwa mwako. Bwera pa tsiku lokumbukira Bambo udzayankhe wekha."

Ndinabwera kudzakana.

Kuchokera ku tauni ya Chau Doc msewu wonse unkayenda pamwamba pa makoma a dothi otchinga madzi. Mkati mwake munali mpunga wamfupi wa miyezi itatu, wobiriwira ngati wopakidwa penti, ndipo mainjini ankapopa madzi kuwatulutsa kunja. Nyumba zinali zikadali pa nsanamira, koma kunsi kumene tinkamangirira mabwato anali atamangako ndi simenti nkuimikamo njinga zamoto. Sindinaone mono ngakhale umodzi. Zonsezi ndinazidziwa kale, ndinali nditazilembapo ndi mapu ndi ziwerengero zomwe. Koma pepala silinunkha. Dziko limene ndinalisiya likununkha matope ndi nsomba tsopano linkanunkha mankhwala opopera.

Woyamba kundizindikira anali Tam Khiet, amene tinkakwawa naye m'matope tili ana, tsopano mtsogoleri wa alimi a mbali yathu ya ngalande. Anali atakhala pa matumba a feteleza.

"Aaa, Mfalansa wafika! Tsitsi unalisiya pa kasitomu?"

"Iwe mimbayo ndi mpunga wa katatu pachaka?"

"Eya, ndipo ndi womwe umagula m'mapaketi kwanuko. Tsika, uone zimene watipatsa."

Ananditengera pamene khoma limakhota. Linkabwera mowongoka m'mbali mwa ngalande, likafika pa munda wathu nkupindika ngati chigongono, kuuzungulira, kenako nkubwereranso. Pa chigongonopo panali zigamba za matumba a mchenga.

"Chaka chilichonse madzi amadya apa," anatero Tam. "Tsiku limene padzabooke, mabanja makumi anayi adzataya mpunga wawo chifukwa cha munda umodzi. Tikufuna kuliwongola basi. Munda wako ukhala mkati, uzikolola katatu ngati anthu."

"Nanga ukudziwa chimene mwatsekera kunja? Madzi ofiira aja ankabwera ndi dothi lochokera kutali, kumapiri, nkuliyala m'minda mwathu ulele. Ankatsuka nthaka, ankabweretsa nsomba. Pano feteleza mukuthira wochuluka bwanji poyerekeza ndi pamene munkayamba?"

"Kawiri," anavomera osachita manyazi. "Ndiye?"

"Ndiye nthaka ikutopa, dziko likutitimira, inu mukukolola zimene adzukulu anu akanadya."

"Adzukulu anga ali kusukulu chifukwa cha mpunga womwewu, Ut. Paja kale mwezi wachisanu ndi chinayi tinkadya chiyani? Maluwa a m'madzi ndi tinsomba ta linh, m'mawa, masana, madzulo. Iwe unkalira kuti wakhuta maluwa. Lero ukuwalota chifukwa watalikira. Pita ukaone achemwali ako, mapu udzandiwonetse mawa."

Ndinawapeza achemwali pamakwerero a nyumba akusankha ndiwo zamasamba. Sananyamuke. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Wakalamba iwe."

"Inunso, achemwali."

"Ine ndili ndi chifukwa. Vula nsapatozo, tiye kumunda kusanatenthe."

Ankayenda ndi ndodo, bondo lamanzere silinkapindika. Ine ndinali patsogolo m'maganizo: ndinkayembekezera kuona munda utakololedwa, mapesi aatali atagona ngati mphasa yochindikala imene tinkabzalamo maungu, fungo lake lokoma ngati la mowa woyamba. M'malo mwake ndinapeza dazi. Mapesi anali afupiafupi, oduladula, ndipo paliponse panali mankhusu opanda kanthu ndi tinjira tosalala tolowera kukhoma.

"Mbewa," anatero achemwali. "Kale madzi akadzaza ponseponse zinkakwera m'mitengo, iwe ndi Tam nkumazithyola ngati zipatso. Pano zili ndi nyumba youma m'khomamu, zimaswana chaka chonse. Anzathu akakolola, chotsala chilili m'dera lonseli ndi munda wa Bambo. Ndiye zimabwera ndi apongozi awo omwe. Mpheta nazonso."

"Nanga madzi?"

"M'zaka zisanu zapitazi, zitatu afika m'mawondo basi. Akuti kumtunda anamanga madamu, iwe ndiye ukudziwa. Mpunga uwu ukapanda kuthamangitsidwa ndi madzi umachita ulesi, udzu umaupitirira. Ndipo madzi ake ndi oyera, Ut. Ukatunga m'ndowa pansi sipatsala kanthu."

Ndinagwada nkutapa dothi. Ndinalipsinya monga ndimawonetsera ophunzira, ndipo achemwali anandiyang'ana mpaka ndinalitaya.

Kunyumba anandiwonetsa mtsuko umene unali pansi pa kagome ka makolo, uja Amayi ankasungiramo mchere. Unali wosadzaza. M'menemo munali mpunga wosapuntha, wamankhusu otuwa ndi ndevu zake zazitali.

"Zokolola za chaka chino zonse ndi zimenezi. Ndinazidula ngala imodzi imodzi ndi mpeni, zenga ndinachita nalo manyazi."

"Ndi mbewu yokwanira," ndinatero msanga. "Kufesa motalikitsa, theka la munda likhoza kudzaza."

"Likhoza."

"Ndiye tisunge. Tam ndimuuza kuti alimbitse chigongono chakecho."

Achemwali anatola chivundikiro. Anavundikira mtsukowo nkupita kukawona nkhuku.

Tsiku lokumbukira Bambo linali Lachisanu. Chiyambire kumwalira kwawo, mbale ya pakagome inkakhala ya mpunga wofiira wa kumunsi, chifukwa woyera ankati ndi chakudya cha odwala. M'mawa akazi oyandikana nafe anali atayamba kale kuphika nkhumba ndi mazira m'madzi a kokonati. Achemwali anandiitanira kuseri kwa nyumba kumene kunali mtondo. Mtsuko unali pambali pake.

"Tsono ndiuze," anatero. "Ndiphike kapena ndisunge?"

"Tapaniko pang'ono pa mbale ya Bambo, wotsala tisunge."

"Wofesa ndani?"

"Inu mwakhala muku..."

"Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu. Chaka chatha ndinagwa kuchokera m'bwato, m'madzi a m'mawondo omwewa, ndinalephera kudzuka mpaka mkazi wa Tam anadzandizula. Ndatha, Ut. Sindikudandaula, ndikungokuuza."

"Tipeza munthu wothandiza."

"Munthu wake uti? Onse amene msana wawo ukupindika ali kumafakitale ku Binh Duong. Otsalawa sanauonepo mpunga woyandama, angaudule kuti ndi udzu."

"Kuli malo osungira mbewu, achemwali, kozizira, kumene ikhoza kukhala zaka zambiri. Ndikudziwa anthu..."

"Anabwera kale a kuyunivesite ndi timatumba tawo, ndinawapatsa. Ili m'firiji. Bambo anakuuza za firiji?"

Achemwali anatsamira ndodo yawo napitiriza.

"Kufesa ndi mwezi wachinayi, kukolola wakhumi ndi chiwiri. Pakati ponsepo pafunika munthu wotchera mbewa, woingitsa mbalame, wokangana ndi Tam. Chipinda chako chilipo, udzudzu womwe uja. Ukatsala, ndikuphunzitsa zonse bondo lisanandimalize, ndipo pepala lololeza khomalo sindisaina. Ndinali pagombe tsiku lija, ndinamva zimene unanena. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndasunga mawu a mwini wake, tsono mwini wake wabwera. Tikiti yako ndi ya liti?"

"Lamlungu."

"Imasinthika?"

Inkasinthika. Ndinaganiza za mwana wanga wamkazi amene anali woyembekezera, za dokotala wa mtima amene amandiyembekezera mwezi uliwonse wachitatu, za buku limene ndinali nditalifikitsa pakati, lonena za mmene anthu a m'zigwa za mitsinje amatayira nthaka yawo. Ndinaganizanso za masiku anayi amene ndinali nditakhalapo, mmene kutentha kunkandifoolera pofika masana, mmene ndinkafunira madzi a m'botolo mobisa. Ndinafunafuna m'kati mwanga mnyamata uja wa m'bwato kuti andiyankhire, koma sanabwere.

Ndinapisa dzanja m'mtsuko. Ndevu za mpungawo zinandibaya m'zikhadabo monga kale.

"Phikani, achemwali."

"Wonse?"

"Wonse."

Anakhuthulira mu mtondo, nandipatsa munsi. "Sinja ndiwe. Ine mapewa anakana."

Ndinasinja mokhotakhota, mpunga nkumadumphira kunja, nkhuku nkumatola. Mkazi wa Tam anasuzumira naseka. "Aphunzitsi, munsi si choko ayi!" Achemwali anapeta okha, ndipo mankhusu atauluka panatsala maso ofiira ngati njerwa yonyowa.

Masana ndinavala malaya oyera, ndinayatsa zofukiza zitatu, nkuika mbale pamaso pa chithunzi cha Bambo. Kanali koyamba kuti ndichite zimenezi ndi manja anga. Ndinawerama kanayi. Pamene mwini nyumba amauza womwalirayo nkhani za pakhomo ndi za kumunda, ndinangotchula dzina langa, ngati kuti angakhale ataliiwala.

Zofukiza zitapsa tinakhala pamphasa kudya. Mpungawo unali wolimba, wofuna mano, ndipo ukautafuna nthawi yaitali unkayamba kutsekemera kumapeto kwa lilime. Ndinali nditaufotokozera anthu m'zinenero ziwiri kwa zaka zambiri, ndipo ndinapeza kuti ndinkaunamizira. Sunali wokoma kwambiri. Unali wathu basi. Tam anadya mbale ziwiri osalankhula, zomwe sizinachitikepo chibadwire. Kenako anayang'ana mtsuko wopanda kanthu umene achemwali anauzondotsa pakhonde kuti uume.

"Imeneyi inali mbewu, Lanh?"

"Funsa mwini munda."

Anatembenukira kwa ine. Panalibe chipongwe pankhope pake, ndipo ndikanakonda chikanakhalapo.

"Liwongole khoma lako, Tam," ndinatero.

"Tidzasiya kachitseko," anatero motsitsa mawu. "Zaka zina timagwirizana zotsegula kuti minda itsukike."

"Munatsegula liti komaliza?"

Anawerenga zala, nkusiya. Anandithirira kachasu wa mpunga m'kakapu, tinamwa theka theka monga amachitira abwenzi.

Loweruka achemwali anasaina pepala. Lamlungu anandiperekeza mpaka pamsewu wa pamwamba pa khoma, nandipatsa botolo la nsomba zoviika mumchere limene anthu a pabwalo la ndege anandilanda. Makina okumba anafika mwezi wachiwiri, pofika wachinayi khoma linali litawongoka.

Chaka chimenecho madzi anabwera ambiri kuposa zaka zonse zisanu zapitazo. Anafika pakhoma mwezi wachisanu ndi chitatu, naima kunja. Ine ndinali ku Lyon, ndili moyo.