Liwu Limodzi la a Sikweya

"Mukulimbana nayobe foniyo? Tiyi wazizira apa," anatero akazi awo a Sikweya ataima pakhomo la khitchini.

A Sikweya sanadzutse mutu. Foni anali ataipanikiza pabondo, chala chachikulu cha kumanzere chikusakasaka zilembo ngati nkhuku yojompha pamchenga. Dzanja lamanja, lomwe linapala matabwa zaka makumi atatu, linangoti gone pamwendo chiwagwireni sitiroko chaka chatha. Matendawo anawalemetsanso lilime. Tsiku lina atayesa kutumiza uthenga wa mawu, wina anayankha kuti madala alawirira kumowa, ndipo kuyambira pamenepo sanayesenso.

Dzina loti Sikweya anawapatsa ndi anthu omwe anawaphunzitsa ukalipentala, chifukwa chilichonse chimene munthu wakhoma ankayamba achiika kachitsulo koyezera makona kotchedwa sikweya asananene kanthu. Ngakhale ali bwinobwino sanali munthu wa mawu ambiri. "Zili bwino" wawo ophunzira ankamudikira miyezi.

Gulu la pafoni la akalipentala analiyambitsa ndi iwowo, anthu ali asanu ndi awiri okha. Tsopano linali ndi anthu oposa mazana awiri, ndipo kwa a Sikweya ndiyo inali shopu yokhayo yomwe inawatsalira. Atadwala, udindo woliyendetsa anausiyira Utuchi, yemwe anafika kwa iwo ngati wosesa m'shopu, nadya m'nyumba mwawo zaka zinayi mpaka kuidziwa ntchito. Lero Utuchi anali ndi shopu yakeyake, antchito atatu ndi kamimba koyamba kutuluka. Kugulu ankamutcha Adimini.

Mwezi wapitawo Utuchi anaika lamulo, ndipo kunena zoona lamulolo linkafunika. Gululo linali litasanduka msika. Munthu akafunsa za guluu wabwino, pansi pake pankagwa "zoona", "kkkk", "tilipo" ndi tizala toimika makumi asanu, funso n'kukwiririka osayankhidwa. Choncho anagamula kuti yankho losakwana mawu khumi lizifufutidwa, ndipo wolakwa katatu azichotsedwa. Tsiku lomwelo akazi a a Sikweya anamuimbira kumukumbutsa kuti kwa bambo akewa mawu khumi ndi ntchito ya ola lathunthu.

"Aa mayi, zimenezo n'za ana osokosawa," Utuchi anayankha akuseka. "Bambo angawakhudze ndani? Gululi ndi lawo."

Ndipo sanawakhudzedi, mpaka m'mawa umenewu. Utuchi anali atatumiza chithunzi cha bedi losanjikiza, loyamba mwa mabedi makumi awiri omwe anapatsidwa kuti akhomere hositelo ya ana asukulu. Linali lowala vanishi, lokongola ndithu. Koma a Sikweya atakulitsa chithunzicho anaona timadontho pomwe matabwa a pamwamba ankakumana ndi miyendo. Anawadziwa madontho amenewo. Inali mitu ya misomali yomatidwa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Miyendo sinabowoledwe, ndipo panalibe bauti ngakhale limodzi.

Tiyi anachita kuzizira iwo akulemba liwu limodzi: "Ligwa."

Asanafikitse kapu pakamwa, liwulo linazimiririka. Kenaka pansi pake panatuluka kamzere konena kuti Adimini wawachotsa. Anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali, kenaka n'kuipereka kwa akazi awo.

Mayiwo anawerenga, nakwera m'mwamba ndi chala kuona mauthenga omwe anafika amuna awo asanachotsedwe. "Moto!" analemba wina. "Mwatha bwana," anatero winanso. "Katswiri." Onsewo anali pompo, osafufutidwa.

"Valani nsapato," anatero mayiwo.

Anatsika minibasi pafupi ndi shopu ya Utuchi dzuwa litakwera. A Sikweya ankayenda pang'onopang'ono ndi ndodo, akukoka mwendo, ndipo mumtima munkawawa kuposa mwendowo. Kudzudzulidwa sankakuopa. Chimene chinawabaya chinali chakuti munthu amene anamugwira dzanja pomuphunzitsa kudula thabwa mowongoka ndi amene anawatsekera chitseko, osawaimbira n'komwe.

Bedi lija linali panja pa shopu, pomwe odutsa akanaliona bwino. M'kati antchito anali kudula miyendo ya mabedi ena. Utuchi atawaona anathamangira mpando, akupukuta manja pa ovolosi.

"Bambo, mayi, bwanji osanena kuti mukubwera? Khalani apa."

"Tikananena bwanji, poti watitseka pakamwa?" anatero mayiwo, osauyang'ana mpandowo.

Utuchi anakanda m'mutu. "Mayi, lamulo silisankha nkhope. Anthu akhala akudandaula kuti ndimakondera. Bambo ndawalekerera kambirimbiri, osati katatu kokha. Nanga ine ndikanatani?"

"Silisankha nkhope eti?" Mayiwo anatulutsa foni n'kumuyandikizira kumaso. "Tawerenga apa. 'Moto.' Amenewa ndi mawu angati? Nanga uyu wa 'Katswiri' wakwanitsa khumi? Kapena sukulu yanga ndi yomwe inali yoperewera?"

"Amenewo ndimati ndifufuta masana."

"Okuyamika amadikira masana, koma wokuchenjeza umamuthamangira tiyi asanamwe. Iwe Utuchi, ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Si iwe unandiuza ndi pakamwa pakopo kuti bambo angawakhudze ndani?"

Sowo inasiya kulira m'shopu. Utuchi anacheuka kuona antchito ake, natsitsa mawu.

"Mayi, m'gulu muja muli anthu mazana awiri. Ena amandipatsa ntchito, ena akufuna ntchito yomweyi ya hositelo. Ndiye munthu ngati bambo angolemba kuti 'ligwa', osafotokoza, mukuganiza kuti anthu aziti chiyani? Akanandiimbira kumbali."

"Akuimbire ndi lilime liti? Ukudziwa iwe kuti pafoni sumawamva."

A Sikweya sanalowerere. Anali atafika kale pabedi paja. Analisisita ndi dzanja lamanzere, napala kadontho kamodzi ndi chikhadabo mpaka mutu wa msomali unaonekera. Kenaka anakoleka chogwirira cha ndodo yawo pathabwa la pamwamba, n'kudzilekerera kuti thupi lawo lonse likoke. Sanali munthu wolemera, matenda anali atawadya. Komabe misomali inalira, ndipo pakati pa thabwa ndi mwendo panatseguka mpata wolowa chala.

Wantchito mmodzi anayang'ana mulu wa miyendo yomwe anali atadula kale, osabowola ngakhale umodzi.

"Nthawi inachepa, bambo," anatero Utuchi motsitsa. "Akufuna onse sabata yamawa."

A Sikweya anamutembenukira. Anayamba kutulutsa mawu limodzilimodzi, lililonse ngati akulizula ndi pulayala.

"Wapamwamba... akagwa... aphwanya wapansi." Anapuma. Thukuta linali litayamba pamphumi. "Bowola miyendoyo... uike mabauti... usiye misomali."

Akazi awo ankapinda zala uku akumvetsera. Atamaliza anakweza manja onse awiri, zala zili zopinda.

"Akwana khumi," anatero. "Amenewanso ufufuta?"

Utuchi anagwetsa nkhope. Anatulutsa foni yake mwachangu ngati munthu amene wapeza pothawira.

"Bambo, ndalakwa. Ndikubwezerani pompano. Ndilembanso kugulu kuti inu lamuloli silikukukhudzani. Kungoti mukaona cholakwika pa ntchito yanga, muzinditumizira ine ndekha."

Mawu omalizawo ndi amene anawatsiriza a Sikweya. Anaona kuti ngakhale tsopano, mpata uli yasa pabedipo, mwana wawoyu ankaganiza za nkhope yake, osati za ana ogona pansi. Anamuyang'ana ngati akumuona koyamba.

"Ayi," anatero.

Analowa m'shopu pang'onopang'ono. Pakhoma, pamwamba pa tebulo lopalira, panali sikweya yachitsulo yakuda ndi ukalamba, chogwirira chake chitasalala ndi manja. A Sikweya anaipereka okha kwa Utuchi sabata yomwe anatuluka m'chipatala, atadziwa kuti sadzagwiranso ntchito. Tsopano inali ndi fumbi, ndipo kangaude anali atamangapo. Anatsamiritsa ndodo patebulo, naitsitsa, n'kuipukuta pa malaya awo.

"Bambo, imeneyo munandipatsa," anatero Utuchi.

"Ankayesa uziigwiritsa ntchito," anayankha mayiwo, natola ndodo ija n'kuwagwira amuna awo pamkono.

Anatuluka osatsanzika. Atafika pamsewu anamva kumbuyo kwawo hamala ikugogoda, kenaka kulira kwa misomali ikuzulidwa umodziumodzi. Mayiwo anacheuka, koma a Sikweya sanatero.

Madzulo a tsikulo foni inalira katatu, ndipo katatu konseko anali Utuchi. Kenaka panabwera uthenga wowaitanira kuti alowenso m'gulu. Mayiwo anawawerengera, nadikira. A Sikweya anali pakhonde, sikweya ili pabondo pomwe pankakhala foni, akuyeza kona ya kampando komwe anakhoma zaka makumi awiri zapitazo. Kanali kadakali kowongoka.

"Ndimuyankhe kuti chiyani?" anafunsa mayiwo.

A Sikweya anatambasula dzanja, nalandira foniyo, n'kuiika chafufumimba pansi.